Chaulere Chili ndi Ochisamala: Phunziro la ku Wiltshire

Khalani pansi, ana anga, ndipo mutsegule makope anu. Lero tipita ku England, koma London timulambalala. Ambiri a inu mukamva dzina la dziko limeneli mumaganiza za nyumba zosanjikizana, mabasi ofiira ndi chinamtindi cha anthu m'misewu. Kulinso England wina, wa minda ya tirigu, nkhosa ndi timidzi ting'onoting'ono, ndipo ndi amene tikamuone.

Tsatirani ndodo yangayi pa mapu. Apa ndi pa London. Tikalowera kumadzulo makilomita opitirira 100, tifika m'dera lotchedwa Wiltshire. Eni ake dera lotere amalitcha county, ndipo ife tingaliyerekeze ndi boma, monga timanenera boma la Dedza kapena la Mzimba. Likulu lake lili ku Trowbridge, tauni yaikulu ndi Swindon, ndipo kummwera kuli mzinda wakale wa Salisbury. Derali siligundana ndi nyanja mbali iliyonse.

Funso la lero ndalilemba pa bolodi, ndipo mulikopere: zimatheka bwanji kuti munthu wopanda ndalama m'thumba aswere tsiku lonse akuona zinthu za zaka zikwi zisanu, akuyenda m'minda ya eni, popanda womuthamangitsa kapena kumulipiritsa? Tiyamba taona malowo, kenako yankho lidzabwera lokha.

Nthaka yake

Choko chimene ndagwira m'manjamu chikukumbutseni nthaka ya ku Wiltshire. Gawo lalikulu la derali, ukangopala udzu ndi dothi lapamwamba, umapeza mwala woyera wofewa umene ndi choko. Mwala umenewu udapangika kalekale, zaka mamiliyoni oposa 60 zapitazo, pamene malowa adali pansi pa nyanja ndipo zigoba za tizamoyo tosaoneka ndi maso zinkaunjikana pansi pa madzi.

Choko chimamwa madzi ngati chinkhupule. N'chifukwa chake zitunda za kumeneko zimakhala zouma pamwamba, zaudzu waufupi, zoyenera nkhosa, ndipo mitsinje ina imayenda m'nyengo yozizira yokha, m'chilimwe n'kuphwa. Anthu akale ankakonda kuyenda pamwamba pa zitundazi pothawa matope ndi nkhalango za m'zigwa. Chinanso, choko chimakumbika ngakhale ulibe chitsulo. Musaiwale mfundo imeneyi, pakuti pafupifupi chilichonse chimene tione lero chidachokera pamenepa.

Mudzi wa mkati mwa miyala

Nonse mudamvapo za Stonehenge. Kumeneko mlendo amalipira pakhomo, ndipo masiku ambiri amaonera miyalayo ali kuseri kwa chingwe. Koma makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwake kuli malo otchedwa Avebury, kumene kuli bwalo la miyala lalikulu kuposa la ku Stonehenge. Ku Avebury palibe wokufunsa tikiti. Umatsegula kageti, n'kulowa, n'kuigwira miyalayo ndi manja ako, nkhosa zikudya msipu pambali pako.

Bwaloli adalimanga pang'onopang'ono pakati pa zaka za 2850 ndi 2200 Khristu asanabadwe. Adakumba chingalande chozungulira, chakuya mpaka mamita 9 m'malo ena, ndipo choko chofukulidwacho adachiunjika kunja kwake ngati linga. Malo a mkati mwake ndi aakulu kuposa mabwalo a mpira 15. M'mphepete mwa chingalandecho adaimika miyala pafupifupi 100, ina yolemera matani oposa 40, ndipo mkati adaimikamo mabwalo ena awiri ocheperapo. Khasu lachitsulo adalibe. Ankakumba ndi nyanga za agwape akuluakulu, n'kumawola dothi ndi mafupa a mapewa a ng'ombe. Taganizani anthu amene adafunika, chakudya chowadyetsa, ndi kumvana kwake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu amenewo adazidziwa zimenezo.

Patapita zaka zikwi zambiri, mkati mwa bwalolo mudamera mudzi, ndipo ulipo mpaka lero, ndi nyumba zake ndi msewu wodutsa pakati. Tsono mvetserani zimene mudziwo udachita. M'zaka za m'ma 1300 anthu adayamba kugwetsa miyala ija n'kumaikwirira m'maenje. M'chaka cha 1938 ofukula zakale adapeza mafupa a mwamuna pansi pa umodzi mwa miyalayo. Adali ndi sizasi ndi ndalama za m'nyengo imeneyo, ndipo chifukwa cha zida zakezo amamutcha wometa. Kenako, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, alimi ndi amisiri omanga adapeza njira yophwanyira miyalayo. Ankasonkha moto wa mapesi pansi pa mwala, ukatentha ankauthira madzi ozizira, n'kuumenya ndi nyundo mpaka usweke. Zidutswa zake zili m'makoma a nyumba za m'mudzimo. Munthu wina wokonda zakale, William Stukeley, adaona zimenezi ndi maso ake m'zaka za m'ma 1720, ndipo adajambula malo a miyala yambiri isanatheretu.

Madzi akatayika sawoleka, ndipo miyala yophwanyidwayo sidzabweranso. Koma yokwiriridwa ija idapulumuka. M'zaka za m'ma 1930 Alexander Keiller, amene banja lake lidalemera ndi malonda a jamu wa malalanje ku Dundee, adagula malowo, n'kufukula miyala yambiri n'kuiimikanso m'malo mwake. Pamene mwala udasowa adaikapo kachipilala ka simenti kuti mzere uzioneka. M'chaka cha 1943 malowo adapita m'manja mwa National Trust, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1895 kuti lizisunga malo okongola ndi a mbiri m'malo mwa anthu onse. Mu 1986 bungwe la UNESCO lidaika Avebury ndi Stonehenge pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, mndandanda womwewo umene zojambula za m'mapanga a ku Chongoni zidalowapo mu 2006.

Chulu ndi manda

Kuchokera pa Avebury pali mizere iwiri ya miyala, yoyang'anizana ngati anthu operekeza mkwati, yolowera kummwera chakum'mawa. Ukayenda chakumeneko n'kukwera kachitunda, umaona chinthu chodabwitsa: phiri losalala, lozungulira bwino ngati mbale yovundikira, lotalika mamita oposa 30. Dzina lake ndi Silbury Hill, ndipo lidaumbidwa ndi manja a anthu cha m'ma 2400 Khristu asanabadwe. Mu Ulaya monse mulibe chulu china cha anthu a nthawi zakalezo choposa chimenechi.

Anthu a m'deralo adali ndi nthano yoti mkati mwake mudaikidwa mfumu ina yotchedwa Sil pamodzi ndi chuma chake. Mu 1776 anthu adakumba dzenje kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mu 1849 ena adaboola kuchokera m'mbali. Kuyambira 1968 mpaka 1970 akatswiri adaboolanso, wailesi ya kanema ya BBC ikujambula. Manda sadawapeze. Koma maenjewo sadakwiriridwe bwino, ndipo m'chaka cha 2000 pamwamba pa phirilo padagumuka dzenje lalikulu. Mu 2007 ndi 2008 adagwira ntchito yodzazamo choko kuti phirilo lisagwe. Lero mlendo amaliona kwaulere ali pamsewu kapena pa njira ya m'munsi mwake, koma kukwera n'koletsedwa. Lembani mfundo iyi: chidwi chopanda chisamaliro chimawononga chinthu chomwe chikuchikondacho.

Ukawoloka msewu waukulu n'kukwera njira ya m'mphepete mwa munda kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, umafika pa West Kennet Long Barrow. Amenewa ndi manda, mtumbira wautali mamita pafupifupi 100, womangidwa cha m'ma 3650 Khristu asanabadwe. Ndi akale kuposa mapiramidi a ku Giza ndi zaka pafupifupi chikwi. Kutsogolo kwake kwaima miyala ikuluikulu, ndipo kuseri kwake kuli khomo. Mkati muli tizipinda tisanu ta miyala, ndipo pofukula mu 1955 ndi 1956 adapezamo mafupa a anthu oposa 30, amuna, akazi ndi ana. Lero mulibe mafupa. Palibe mlonda pakhomo, palibe loko, ndipo munthu amalowa yekha. Inu mudaleredwa modziwa ulemu wa kumanda. Ulemu womwewo ndi umene wasunga malowa ali otsegula.

Akavalo oyera

Tibwerere ku choko chija. Ukapala udzu pa chitunda chobiriwira, pamatsala poyera pooneka kutali. Anthu a ku Wiltshire adagwiritsa ntchito zimenezi pojambula akavalo akuluakulu m'mbali mwa zitunda, ndipo lero ooneka bwino alipo 8. Wamkulu msinkhu pa onse ndi wa ku Westbury, amene maonekedwe ake a lero ndi a mu 1778. Pamwamba pake pali linga la dothi la anthu a zaka zoposa zikwi ziwiri zapitazo, ndipo chapafupi pali mudzi wa Edington, dera limene akatswiri ambiri amati ndi kumene Mfumu Alfred idagonjetsa gulu lankhondo la a Viking mu 878. Wa ku Cherhill adajambulidwa mu 1780. Amati dokotala wina wa ku Calne, Christopher Alsop, adaima patali pansi pa phiri n'kumafuulira antchito kudzera m'chitoliro chokuzira mawu kuti asunthire zikhomo uku kapena uko, pakuti chithunzi chachikulu chotere woima pafupi sangachione. Watsopano pa onse ndi wa ku Devizes, wa mu 1999.

Ndikufunseni: munda ukausiya osapalira, chimachitika n'chiyani? Kavalo wa choko nayenso amatero. Udzu umamera, choko chimada, ndipo pakapita zaka zingapo kavalo uja wazimirira. Akavalo angapo a m'derali adatayika motero. Wa ku Westbury adamukuta ndi simenti kuti asamavute, koma enawo amakhalapo chifukwa anthu a m'midzi yoyandikana amasonkhana mongodzipereka, kuzula udzu ndi kuthira choko chatsopano. Mlendo amaona kavalo woyera mbee kwaulere, koma alipo amene adagwada pamenepo ndi manja.

Makwerero a madzi

Pafupi ndi tauni ya Devizes pali chinthu china chimene a sayansi mwa inu achikonde. Madzi sakwera phiri, koma pa Caen Hill boti limakwera. Ngalande ya Kennet and Avon, imene adaikonza katswiri John Rennie, idatsirizidwa mu 1810 kuti maboti onyamula malasha, miyala yomangira ndi katundu wina aziyenda pakati pa Bristol ndi Reading. Pa Devizes ngalandeyo idakumana ndi chitunda cha mamita 72 m'mtunda wa makilomita atatu okha.

Onani chojambula changa pa bolodi. Ichi ndi chipinda cha madzi chokhala ndi zitseko mbali zonse ziwiri, chimene Angerezi amachitcha lock. Boti limalowa kuchokera kumunsi, chitseko chakumunsicho n'kutsekedwa. Kenako amatsegula timazenera ta kumtunda, madzi amalowa, ndipo boti limakwera nawo. Madzi a mkati akalingana ndi a kumtunda, chitseko chakumtunda chimatseguka mosavuta, boti n'kutuluka. Pa Devizes zipinda zotere zilipo 29, ndipo 16 mwa izo zidandandalikana mowongoka ngati makwerero, pafupifupi chilichonse ndi dziwe lake pambali losungira madzi. Boti limatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuti lidutse zonse. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Njanji itafika mu 1841, malonda a pangalande adayamba kufa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 zitseko zidaola, madzi adaphwa, m'ngalande mudamera tchire. Anthu wamba adakana kuti ithere pomwepo. Adapanga bungwe, adasonkha ndalama, adalowa m'matope ndi mafosholo kwa zaka zambiri, mpaka mu 1990 Mfumukazi Elizabeth yachiwiri idadzatsegulanso ngalandeyo. Kanjira ka m'mbali mwake, kamene kale ankayendamo akavalo okoka maboti, lero n'kotsegukira aliyense woyenda pansi kapena panjinga.

Lamulo la njira

Tsopano tafika pa yankho la funso lathu. Pafupifupi nthaka yonse imene tatchulayi ili ndi mwini, kaya ndi mlimi, banja lolemera kapena bungwe. Chimene chimalola mlendo kudutsamo ndi lamulo la njira za anthu onse. Ku England ndi Wales njira zoterezi zikaphatikizidwa zimapitirira makilomita 200,000. Zambiri zidayamba monga zimayambira njira za kwathu kuno: anthu ankadutsa popita ku tchalitchi, kumsika, kuchigayo kapena kuchitsime. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko eni malo adamanga mipanda ndipo ambiri adafuna kutseka njirazo, tsono padafunika kulimbana.

Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo, ambiri a iwo achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, adakwera mwadala phiri la Kinder Scout m'dera la Derbyshire, kumene eni ake ankaletsa anthu kuti asasokoneze mbalame zonga nkhwali zimene olemera ankasaka. Adakangana ndi alonda, ndipo anthu asanu adatsekeredwa m'ndende, mmodzi mwa iwo ndi mtsogoleri wawo Benny Rothman, mnyamata wa zaka 20. Chilangocho chidakwiyitsa anthu ambiri ndipo nkhaniyo idakula. Mu 1949 nyumba ya malamulo idalamula kuti khonsolo ya dera lililonse ilembe njira zonse za anthu pa mapu ovomerezeka. Mu 2000 lamulo lina lidalola anthu kuyenda momasuka m'mapiri, m'zitunda za choko ndi m'malo ena osalimidwa amene adalembedwa pa mapu.

Njira ikalembedwa pa mapu ovomerezeka a khonsolo aja, mwini munda sangaitseke. Akalima munda umene njirayo imadutsa pakati, lamulo limamupatsa masiku 14 kuti aibwezeretse. Pa zikhomo pamakhala mivi ya mitundu: muvi wachikasu ndi wa oyenda pansi okha, wabuluu umalolanso apakavalo ndi apanjinga, wofiira umalola ngakhale galimoto. Chizindikiro cha kachipatso ka mtengo wa oak chimasonyeza njira zitalizitali za dziko lonse, monga Ridgeway, imene imayambira pa Overton Hill pafupi ndi Avebury n'kuyenda pamwamba pa zitunda makilomita pafupifupi 140.

Palinso mfundo ina ya lamuloli. Anthu akayenda pa njira zaka 20 mosabisa, popanda mwini malo kuwaletsa, njirayo ikhoza kusanduka ya anthu onse. Nkhalango ya Savernake, pafupi ndi Marlborough, imatiphunzitsa bwino zimenezi. M'menemo muli mitengo ya oak yakalekale, ndipo umodzi wotchedwa Big Belly Oak amauyerekeza kuti uli ndi zaka pafupifupi chikwi. Nkhalangoyo ndi ya banja, ndipo anthu amayendamo kwaulere mwa chilolezo. Koma tsiku limodzi pachaka amaitseka, kuti zidziwike kuti mwini alipo ndipo kuyendamo ndi chilolezo chabe. Muzisiyanitsa zinthu ziwirizi, ana anga. Ufulu umatetezedwa ndi lamulo, pamene chilolezo mwini akhoza kuchibweza anthu akachita mwano.

Udindo wa woyenda

Lamulo lomwe limamanga mlimi limamanganso mlendo. Ufulu wako ndi wodutsa, ndipo umathera m'mphepete mwa njirayo. Geti umalisiya monga walipezera: lotseka ulitseke, lotsegula ulisiye, pakuti mlimi amadziwa chifukwa chake. Galu amayenda pa chingwe pafupi ndi nkhosa, ndipo ng'ombe zokhala ndi ana umazilambalala patali. Zinyalala umabwerera nazo kwanu. Moto sayatsa, mbewu saponda, mwala wakale salembapo dzina. Kummwera kwa Avebury kuli chidikha chokwera cha Salisbury Plain, kumene asilikali amaphunzirira kuwombera, ndipo mbendera yofiira ikakwezedwa munthu sadutsa.

Ena mwa inu muli ndi achibale amene akugwira ntchito ku Britain, ndipo mwina mawa mudzapitako nokha. Mudzakumbukire zinthu zitatu. Choyamba, malowa ndi aulere koma poimika galimoto nthawi zambiri pamalipiridwa, monganso nyumba yosungira zakale ya pa Avebury. Basi yochokera ku Swindon kupita ku Devizes imadutsa m'mudzi momwemo. Chachiwiri, choko chikanyowa chimaterera ngati sopo, tsono pamafunika nsapato zolimba ndi chovala cha mvula. Chachitatu, mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko masana, pamene mu Juni kumawala mpaka kupitirira 9 koloko usiku. Ukasokera, funsa, pakuti kufunsa n'kudziwa njira.

Ntchito ya kunyumba

Lembani mafunso awa. Loyamba: fotokozani mmene choko chidathandizira anthu akale a ku Wiltshire pa zinthu ziwiri zimene taona. Lachiwiri: jambulani chipinda cha madzi ndipo musonyeze mmene boti limakwerera. Lachitatu: siyanitsani ufulu ndi chilolezo pogwiritsa ntchito chitsanzo cha Savernake. Lachinayi, ndipo ndi limene ndidzayambe kuliwerenga: tchulani malo amodzi a kwanu amene aliyense amafikapo osalipira, kaya ndi chitsime, phiri, mtengo wa mthunzi kapena njira yachidule, ndipo mufufuze kwa akuluakulu kuti amawasamala ndani.

Musanatseke makope, yang'ananinso funso lili pa bolodi. Munthu wopanda ndalama amatha kuswera pa Avebury chifukwa wina adajambula miyala ikuphwanyidwa, wina adaifukula n'kuiimikanso, achinyamata ena adagona m'ndende chifukwa cha njira, ndipo mpaka lero alipo amene amazula udzu pa kavalo ndi kuchotsa matope m'ngalande osalandira kanthu. Mtengo wake udalipidwa ndi anthu amene mlendoyo sadzawaona. Choncho, ana anga, kulikonse kumene mudzalowe popanda wokufunsani tikiti, mudzayende ngati munthu wobwereka chinthu cha mwini, ndipo mudzachisiye chili bwino kuti wobwera pambuyo panu adzachipeze.